A Lufeyo ndi Mphwawo wa M'foni

A Lufeyo tinawaika m'manda mwezi wathawu, nthawi ya chisanu, ndipo kunena zoona sindinaonepo maliro amene anthu anaseka ngati amenewo. Ankaseka mobisa, chitenje chili pakamwa, koma kuseka ankaseka ndithu. Anayambitsa ndi akuluakulu a pamudzi. Atakhala pansi kuti atume anthu okanena zovuta kumidzi ina, mkulu wina anangoti, "Pitani kutsidyako mukawauze." Pomwepo a Nachisale, akazi awo a malemu, anasuzumira pakhomo la nyumba ya siwa, misozi ili mbwembwembwe, n'kufunsa kuti, "Kutsidya kwake kuti? Akauze ndani? Mukamatuma choncho adzukatu awa, musati sindinanene." Basi kuyambira pamenepo aliyense wotuma mnzake, kaya kukatunga madzi kaya kukabwereka mabenchi kutchalitchi, ankayamba waponya diso kumene kunagona thupi, kenako n'kufotokoza zonse, akapemphe kwa yani, akanene kuti chiyani, akapanda kuwapeza atani.

Ine si m'bale wawo. Ndinabwera kuno ku Chifunga ku chitengwa, nyumba yathu inangoyandikana ndi yawo, ndipo poti bambo a mwana wanga amakhalitsa ku Zalewa kogulitsa malambe ndi nandolo, khonde la a Lufeyo ndi kumene ndinkathawira ndikachita mantha. Mantha ake ndi a mwana wangayu, Madalo. Anabadwa ndi chifuwa chosalimba, kukangozizira pang'ono m'chifuwamo mumayamba kulira ngati kamwana ka mphaka, ndiye ine khutu langa limakhala pa iye nthawi zonse, ndili pa mjigo, ndili kumunda, ndili m'tchalitchi anthu akuimba ine ndikumvetsera mpweya. Koma lero nkhani si yanga.

Unyamata wawo wonse a Lufeyo anathera pa umesenjala, pa ofesi ina ku Neno boma. Mapiri onse mukuwaonawa anawakwera pa njinga yopalasa, atavala kaki ndi chipewa chake. Nkhani imene ankaikonda, imene tinaimva mpaka kuiloweza, inali ya a Phiri. Bwana wina watsopano anawauza m'mawa kuti akaitane a Phiri. Iwo anafunsa kuti a Phiri ake ati, bwanayo n'kuwakalipira kuti mesenjala safunsa, amangopita. Ndiye anapitadi. Anakatenga a Phiri atelala, munthu wojintcha kwabasi, anawakweza pa keriyala n'kukwera nawo chitunda thukuta lili kamukamu, kufika pa ofesi bwana akuti ayi, ndimanena a Phiri omanga nyumba. Akafika pamenepa a Lufeyo ankaseka mpaka kutsokomola, kenako ankangosiya mwadzidzidzi n'kutikumbutsa kuti amene anadzudzulidwa tsiku limenelo ndi iwo. Ankati wotumidwa alibe miyendo yakeyake, amayendera mawu a womutuma, mawuwo akalumala iyenso amatsimphina, koma anthu amaseka wotsimphinayo n'kumusiya mwini mawu.

Amene anazunzika nazo zimenezi ndi a Nachisale. Iwo ndi munthu wa manja ambiri, akamasoka kapena kusenda nandolo safuna kudzuka, amangoti, "Abambo, tandipatsireniko chijachi." A Lufeyo ankadzuka mwaulemu wonse, kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi nsapato imodzi. Tsiku lina ndili pomwepo anatuluka atanyamula mphaka.

"Si ichi! Bambo inu mwakula n'chiyani kodi?"

"Mwati chijachi. Uyu ndi uja munkamufunafuna dzulo."

"Zaka zonsezi simunadziwe kuti ndikamasoka, chijachi ndi sizasi?"

"Ine ndikudziwa," anatero a Lufeyo akumuika mphaka uja pamiyendo pa akazi awo. "Koma tsiku lina mudzatuma mlendo."

A Nachisale anawaponyera chikho, iwo n'kuzinda, chikho n'kukagwera m'ndowa. Ankakangana choncho pafupifupi tsiku lililonse, ndipo likadutsa tsiku osakangana ine ndinkapita kukafunsa ngati wina wadwala.

M'dzinja lapitali, titabwerako kuchipatala cha ku boma kumene Madalo anagonekedwa ndi chibayo, munthu woyamba kufika pakhomo panga anali a Lufeyo, a Nachisale akuwatsatira m'mbuyo ndi kambale ka mbatata. Ndinkayesa ayamba kufunsa za mwana. Ayi ndithu. Asanakhale n'komwe pansi anati, "Amake Madalo, mphwanga uja analankhula bwanji? Mundiuze mawu ake enieni, musakometse." Kuti mumumvetse mphwawoyo ndiyenera kubwerera m'mbuyo.

Chaka chathachi, dzuwa litayamba kuwotcha, kunabwera mayi wina wachitsikana wochokera ku boma, a Tiyamike, wa bungwe lina lothandiza amayi ndi ana. Anatisonkhanitsa pa shedi pamene timakwezera ana sikelo. Anati akukonza nambala yoti tiziimba mwana akadwala, ndipo woyankha sadzakhala munthu koma makina oganiza aja pa wailesi amati AI, olankhula Chichewa chathu chomwechi. Makinawo, anatero, alibe manja. Ali ndi zida zimene amagwiritsa ntchito, china cholembetsera mwana tsiku la sikelo, china chotumizira uthenga kwa anamwino, china choitanira anyamata a njinga zamoto amene anavomera kumanyamula odwala. Koma ngakhale zidazo makinawo saziona. Chida chilichonse chili ndi mawu ake ochifotokoza, ndiye makinawo amawerenga mawuwo n'kusankha choti agwire. Mawuwo analemba ndi iwo eni a Tiyamike, ndipo chinawabweretsa n'chakuti poyesa ku ofesi makinawo ankasankha mosokonekera, tsono ankafuna adziwe ngati matenda ali m'mawumo.

Unali msonkhano wa amayi, a Lufeyo palibe anawaitana. Anangotulukira ndi ndodo yawo n'kukhala kumapeto kwa benchi. Amayi atayamba kuwaseka kuti kodi agogo muli ndi wakhanda, anayankha kuti amva zoti pano akunenedwa wotumidwa mwini wake palibe, ndiye abwera kudzamuimira, poti wotumidwa aliyense ndi mphwawo.

Masewerawo anabwera nawo ndi a Tiyamike. Anati akufuna munthu mmodzi akhale makina, aiwale zonse zimene amadziwa, atsate mawu okha amene awerengeredwe. Amayi tonse tinayang'ana pansi. A Lufeyo anali atadzuka kale. Anakoka mpando wa pulasitiki n'kuutembenuzira kukhoma kuti asamaone nkhope zathu, ati nkhope zimaulula. Pamiyendo pawo anawaikira zinthu zitatu. Kabudula uja timaveka ana pokweza sikelo anaimira chida cholembetsera tsiku, botolo lopanda kanthu la mankhwala linaimira uthenga wa kwa anamwino, ndipo belu la njinga, limene anachita kukamasula panjinga ya mlangizi wa zaumoyo, linaimira njinga yamoto. A Tiyamike anawerenga pa laputopu yawo. Za kabudula, mawu ake anali akuti chida ichi chimathandiza mwana kuonedwa kuchipatala. Za botolo, chida ichi chimatumiza uthenga. Za belu, chida ichi ndi cha mayendedwe.

Woyamba kuyesa anali amake Fesitoni, mayi wa pakamwa pothamanga. Anayerekeza kulira, "Thandizeni, mwana wanga akukomoka, ndikufuna aonedwe kuchipatala!"

Dzanja la a Lufeyo linakwera m'mwamba pang'onopang'ono, kabudula wa sikelo ali lendelende.

Shedi yonse inaphulika. Ena ankamenya mabenchi, ana n'kudzidzimuka kuyamba kulira.

"Agogo! Mwana akukomoka inu mukumukweza sikelo?"

"Ine si agogo anu, ndine mlendo," anatero akuyang'anabe khoma. "Mwati aonedwe kuchipatala. Andiuza kuti woonetsa ana kuchipatala ndi kabudulayu."

"Nanga belulo?"

"Belu ati ndi la mayendedwe. Mayendedwe a ndani? A mbuzi?"

Wina anakuwa kumbuyo kuti iye akufuna kupita ku Zalewa kukagula usipa, ndipo asanamalize belu linali litalira kale, ngiri ngiri. A Tiyamike anaseka mpaka kuvula magalasi, koma ndinaona kuti dzanja linalo likulemba. Ine sindinaseke kwambiri. Ndinali nditamukumbatira Madalo ndikuganiza za kabudula uja ali m'mwamba, ndikuti Mulungu wanga, likanakhala tsiku lenileni bwanji.

Kuyambira tsiku limenelo a Tiyamike akabwera ankayamba afunsa ngati makina awo afika, kutanthauza a Lufeyo. Ntchito yake inali yomweyo. A Tiyamike awerenge mawu, mayi mmodzi anene vuto lake m'mene angalinenere kunyumba, a Lufeyo akweze chinthu, a Tiyamike achonge kapena athethe. Mawu akalephera ankakonzedwa pomwepo tonse tikuponyamo, n'kuyesedwanso ndi mayi wina amene amalankhula mosiyana, chifukwa ena timafika msanga pa nkhani, ena timayamba ndi moni ndi kupepesa. Kenako a Tiyamike ankayesa mawu omwewo pa makina enieni a mu laputopu kuti aone ngati akugwirizana ndi nkhalambayo. Nthawi zambiri makinawo ndi nkhalambayo ankalakwa malo amodzi, ndipo zikatero a Lufeyo ankanyadira ngati mwana wawo wakhoza mayeso. Ankati mawu abwino anene ntchito ya chidacho, koma aneneso ntchito imene si yake, chifukwa mlendo ukamupatsa nkhwangwa osamuuza kuti si yosendera mbatata adzasendera. Ankatinso chida chinene zimene chikufuna kuti chigwire ntchito. Pa belu anakakamira kuti dzina la mudzi lokha silikwana, poti mudzi wathu umodzi womwewu uli mbali zonse za mtsinje, makinawo azifunsa kuti tsidya liti, ndipo pafupi pali chiyani, mjigo, tchalitchi kapena mlambe.

Musaganize kuti ankakhoza zonse. Atazolowera kutamandidwa, tsiku lina anabwera atakonza okha mawu a belu, kuti a Tiyamike angolemba. Anayamba bwino, kenako analowetsamo njira zonse za m'dera lino, yachidule yodutsa kumanda imene anyamata amaiopa, nyumba ya agalu olusa, mabanja amene sayankhulana kotero kuti usaimike njinga pakhomo pa wina pofunsa za mnzake, mpaka mbiri ya mlatho umene unakokoloka iwo ali mnyamata. A Tiyamike sanawadule. Analemba zonse, anazilowetsa mu laputopu, n'kuuza amake Fesitoni kuti ayerekezenso mwana wodwala. Makinawo anayamba kufunsa. Anafunsa ngati pakhomopo pali agalu. Anafunsa ngati amake Fesitoni amayankhulana ndi oyandikana nawo. Anafunsa za kumanda.

"Iii, mwana wafa kale kuno!" anakuwa amake Fesitoni.

"Agogo," anatero a Tiyamike mwaulemu, "mphwanu mwamusenzetsa kwambiri."

A Lufeyo anatenga ndodo yawo n'kumapita osatsanzika. Msonkhano wotsatira sanabwere, ati bondo. Ine ndinamva ndekha kudzera kumpanda a Nachisale akuwanena akusesa pabwalo, "Eti abambo, ndamva kuti nanunso mwatuma munthu kwa a Phiri olakwika?" Koma ulendo winawo a Lufeyo anabwera, anakhala pampando wawo, ndipo anadula okha mawu aja mpaka anatsala ochepa, akung'ung'udza kuti katundu akachuluka keriyala imathyoka, zimene ankanena ngati kuti akudzudzula ife.

Mkangano waukulu unabwera kumwamba kutayamba kuchita mitambo. A Tiyamike anafika ali osangalala, ati mawu onse akhoza, nambala itsegulidwa mvula isanagwe, latsala ndi yesero lomaliza. Ine mtima unali m'malo kwa nthawi yoyamba, chifukwa dzinja ndi limene limamugwetsa Madalo. Anandisankha ineyo kuti ndinene vuto. Ndinanena zimene ndimaopa zenizeni, kuti mwana akupuma mothamanga, nthiti zikulowa m'kati. A Lufeyo anandifunsa mudzi, anandifunsa tsidya, anandifunsa chapafupi, kenako belu ngiri. Amayi anaomba m'manja. Iwo anangokhala duu.

"Agogo, muuzenitu mayiyo," anatero a Tiyamike.

"Ndimuuze chiyani?"

"Zalembedwa apa. Chida chikagwira ntchito chimabweza mawu akuti zatheka. Ndiye mumuuze kuti zatheka."

"Chatheka n'chiyani?"

"Kuitana njinga."

"Mayi, ndikufunsa ngati mlendo. Zatheka kutanthauza kuti uthenga wachoka, kapena kuti munthu wamva, wavomera, wakwera njinga?"

A Tiyamike anayankha mosabisa kuti uthenga wachoka basi. Anati iwonso anaziona zimenezo, koma kukonza kwake si kwa mawu okha, pafunika chidacho chisinthidwe kuti chizidikira yankho la woyendetsa, anyamata a njinga aphunzitsidwe kuyankha, ndipo zonsezo zitenga nthawi. Akuluakulu awo ankafuna nambala iyambe, zinazo zidzakonzedwe m'tsogolo. Uthenga wochoka, anatero, ndi wabwinobe kuposa kusowa uthenga.

A Lufeyo anati ayi. Anati pa umesenjala wawo wonse ntchito siinkathera pa kunena, inkathera pa kubwerera n'kumuuza wotuma kuti ndampeza wavomera, kapena wakana, kapena sindinampeze. Anati mphwawo akawerenga kuti zatheka adzamuuza mayi kuti njinga ikubwera, poti ndi zimene mawuwo akumveka, ndipo mayi wa kuno ukamuuza kuti thandizo likubwera amayala mphasa n'kukhala pansi, sangapite kukagogoda kwina, amaona ngati n'chipongwe kwa amene wavomera kale. Adzadikira mwaulemu mpaka dzuwa kupendeka. Tikanangomusiya wopanda foni akanabereka mwana n'kuyamba kuyenda.

"Ndiye mukuti titani, agogo? Mvula siidikira ife."

"Ine sindinama m'malo mwa munthu. Mphwanganso musamunamitse."

Anakhala choyang'ana khoma, belu lili m'manja, tiyi amene anatiphikira anafika pozizira iwo osatembenuka. Amayi anayamba kung'ung'udza kuti nkhalamba yatilanda chinthu chili m'manja. Amake Fesitoni anawauza kuti mpandowo si ufumu, atsikepo akhalepo wina. Ine ndinali ndi mantha a mbali ziwiri, nambala ikachedwa mvula indipeza ndilibe poimba, ikafulumira indiuza bodza, ndiye ndinangoyang'ana mitambo, n'kuyang'ana msana wa a Lufeyo, n'kuyang'ananso mitambo. A Tiyamike anatuluka ndi foni yawo n'kukakwera pachulu pamene pamagwira netiweki. Mawu sitinkawamva koma dzanja tinkaliona likudula mphepo. Anatsika nkhope ili gwa, ati akuluakulu awo sanakondwe, koma avomera kuti nambala idikire.

Inadikiradi, mvula yoyamba inagwa tilibe nambala, ndipo masiku amenewo ine ndinkadutsa pakhonde pa a Lufeyo moni wake wapakamwa chabe. Iwo ankangondifunsa za Madalo ngati sakuona kanthu. Nambala itatsegulidwa, a Tiyamike anatiwerengera mawu atsopano a belu. Zatheka uja anali atachotsedwa. Panalembedwa kuti chida ichi chimabweza chimodzi mwa ziwiri, uthenga wapita koma palibe wavomera, kapena wakutiwakuti wavomera ndipo wanyamuka. Ngati palibe wavomera, usamuuze mayi kuti njinga ikubwera, muuze zoona, yesa woyendetsa wina, ndipo umuuze asakhale pansi kudikira. A Lufeyo anamvetsera maso ali chitsinzinire, n'kunena kuti mawu amenewa ayenda ndi miyendo yonse.

Tsiku langa linafika pakati pa dzinja, m'mawa mvula itangokata. Madalo anakana phala, anakana bere, ndipo nditamuvula malaya ndinaona zimene ndinkaziopa zija, nthiti zikulowa, mphuno zikutukuka, kulira kwake kopanda mawu. Bambo ake anali ku Zalewa. A Lufeyo ndi a Nachisale anali atapita kumaliro kumudzi wina. Ndinathamangira pamwala wa kuseri kwa nyumba pamene foni imagwira, ndinalakwitsa nambala, ndinaimbanso, anayankha, ndinangokhuthula zonse nthawi imodzi. Anandifunsa mudzi, tsidya, chapafupi. Kenako anati, "Uthenga wapita kwa woyendetsa woyamba koma sanavomere. Ndikuyesa wina. Musadikire pakhomo, berekani mwana muyambe kuyenda kulowera kumsewu waukulu, foni ikhale m'manja."

Ndikuuzeni, ndinkafuna kungokhala pansi. Mtima unkati dikira pang'ono, mwina ayankha, ukachoka adzakusowa. Koma ndinamubereka, ndinatsika njira ya matope ija ndikutereka, nsapato imodzi inatsalira m'thope sindinaibwerere, ndikuyenda ndikumuitana dzina kuti ndimve ngati akuyankha. Ndili pafupi ndi dimba la mpingo foni inalira. Anati a Daisoni avomera ndipo anyamuka, mukumana nawo pa mjigo wa kumsewu. Ndinafika pa mjigo njinga ikutulukira. Woyendetsa woyamba uja tinadzamva pambuyo pake kuti foni yake anaisiya kotchajitsa iye ali kumunda, uthenga anauona madzulo. Kuchipatala chathu anamubaya jekeseni Madalo n'kutitumiza ku boma pa ambulansi, ndipo kumeneko anamuika pa mpweya mpaka nthiti zinasiya kulowa.

Ndiye mwamva chifukwa chake a Lufeyo anafika pakhomo panga ndi funso lija. Ndinawabwerezera mawu onse m'mene ndinawamvera. Anati ndibwerezenso pamene makinawo anati sanavomere. Ndinabwereza. Anagogoda ndodo pansi.

"Mwamva a Nachisale? Sananame. Ameneyo ndi wa kwathu, magazi amodzi."

"Funsani za mwana kaye, bambo inu, manyazi mulibe?"

"Mwana ndikumuona, si uyu akundidyera mbatata? Ine ndikufunsa za amene sindikumuona."

Atatero anamunyamula Madalo n'kuika khutu pachifuwa pake nthawi yaitali, ndipo pomubweza ndinaona akupukuta m'maso ndi chipewa, ati utsi, chonsecho moto ndinali ndisanakoleze. A Tiyamike atabwera mwezi umenewo a Lufeyo anawapatsa nkhuku, ati ndi ya kukwera pachulu, chifukwa kukhala pampando n'kosavuta, wolimba mtima ndi amene anakakangana ndi mabwana ake. A Tiyamike anabwerera ku boma pa njinga yamoto, laputopu kumsana nkhuku m'khwapa, ife tikuseka mpaka anakhota.

A Lufeyo sanadwale nthawi yaitali. Chisanu chitangoyamba anayamba kutsokomola, anagona masiku ochepa, ndipo a Nachisale akuti ngakhale pamphasa ankawabweza ndi madzi kuti anapempha ofunda osati otentha.

Sabata yathayi a Tiyamike anabweranso pa shedi ya sikelo. Akuwonjezera chida chachinayi, chofunsira kwa anyamata a njinga ngati mtsinje ukuwolokeka, kuti makinawo azidziwa kolozera mayi madzi akadzaza, ndipo akufuna chikhale chokonzeka mvula isanabwere. Kwa ine chida chimenechi si chamasewera, njira yathu yachidule yopita kuchipatala imadutsa pamadzi. Anatiwerengera mawu ake. Anali mawu osalala bwino. Anafunsa ngati zamveka, tonse tinati zamveka. Anafunsa amake Fesitoni, ati zamveka. Anandifunsa ine, ndinafufuza m'mutu monse pamene pangakhale dzenje, sindinapapeze, ndinati zamveka, Madalo ali kumsana akusewera ndi ndolo zanga. Msonkhano umene unkatha dzuwa litapendeka unatha tiyi asanawire.

A Tiyamike anatseka laputopu, koma sanadzuke. Anati mawuwa sawalowetsa. Amake Fesitoni anafunsa kuti bwanji, poti palibe walakwitsa.

"Chifukwa chake n'chomwecho," anatero. "Palibe walakwitsa. Ndibweranso sabata yamawa, mukhale mutapeza woti akhale mlendo."

Tonse tinayang'ana kukona. Mpando wa pulasitiki uja uli pomwepo, unayang'anabe kukhoma m'mene anausiyira a Lufeyo, mwendo umodzi womangidwa ndi waya. Wosesa pa shedipo amasesa mouzungulira, ndipo tsiku la sikelo anthu akadzaza mpaka ena kukhala pansi, palibe amautembenuza. Pakhoma patsogolo pake pali kadontho kakuda pamene ankagunditsa nsonga ya ndodo akamaganiza. Tinatuluka mmodzimmodzi tikuulambalala, kunja mphepo yayamba kale kutentha, ndipo mpaka lero palibe amene wanena kuti akhalapo.